Filimu Yanga Inavula Bambo Anga Suti

1

A ku dipatimenti anandipempha kuti ndilembere ophunzira atsopano malangizo a mmene angakhozere kosi yathu, poti ine ndi amene ndinaposa onse chaka chatha. Ndinalemba ndithu. Pepalalo analimata pa bolodi pafupi ndi ofesi ya asekilitale, ndipo mukaliwerenga muphunzira kutchaja mabatire, kupukuta diso la kamera ndi kufika m'kalasi pa nthawi yake. Zonsezo n'zoona, koma si zimene zinandikhozetsa. Zimene zinandikhozetsa ndabwera nazo kuno ku magazini, kumene sandifunsa dzina.

Kosiyo amaitcha antholopoloje ya zithunzi. Musadandaule, ifenso tinatha teremu yonse lilime likupunthwa. Mwachidule, umanyamula kamera n'kupita kwa anthu amene akudzikhalira mwamtendere, umawajambula mpaka atatopa nawe, kenako umabwera kudzafotokozera anthu a madigiri mmene anthu aja amakhalira. Amayi atamva zimenezi anangoti, "Ndiye kuti ku yunivesiteko ukuphunzira miseche?" Ine ndinawaseka, mumtima ndikuti anthu osapita patali ndi sukulu amavuta.

Mphunzitsi wathu tinkawatcha Adokotala a Sikafu. Sanali adokotala a jakisoni ayi, anali a mabuku, ndipo sikafu sinkachoka m'khosi mwawo ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Tsiku loyamba anatiyang'ana mmodzimmodzi ngati tawalakwira kale.

"Aliyense apanga filimu ya mphindi makumi awiri," anatero. "Musandibweretsere anthu akumwetulira. Munthu akamamwetulira ndiye kuti akukubisirani kanthu. Ine ndikufuna zakuseri. Filimu imene idzapose zonse, mwini wake tidzamutumiza kunja kukapitiriza maphunziro."

Malo anali amodzi, ife tinalipo makumi awiri ndi atatu. Ndinayang'ana anzanga onse ndipo ndinaona kuti panalibe amene ankawafuna malowo kuposa ine. Ndikuuziretu kuti musadzati ndinabisa: malowo ndinawapeza, koma amene anapsa nawo ndi bambo anga.

2

Langizo loyamba: sankhani anthu amene sangakuthamangitseni. Ine ndinayamba ndi amayi otsuka magalimoto kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Tsiku lachiwiri mmodzi anandikhuthulira chidebe cha madzi a sopo kumapazi, n'kundifunsa ngati kwathu kulibe anthu oti ndiziwajambula. Funsolo linali lachipongwe, koma linandipatsa nzeru.

Bambo anga ndi telala. Mumsewu wathu wonse palibe amene ankawaitana dzina, ankangoti Amasuti. Shopu yawo ndi kachipinda kakatali, kopanikizika pakati pa okonza mafoni ndi famase. Ukalowa umaona galasi lalikulu, tebulo lodulirapo nsalu, ndi makina akuda opalasa ndi mapazi amene bambo ankawapukuta m'mawa uliwonse mpaka kuwala. Kumapeto kwa chipindacho kunali katani yobiriwira. Kuseri kwa kataniyo kunkakhala amayi, amene ntchito yawo, monga tonse tinkadziwira, inali kusita ndi kusokerera mabatani.

Kuyeza munthu, abale, bambo ndi katswiri. Tepi m'khosi, choko kukhutu, mapini pakamwa. Ankadziwa kuti mkwati amaonda ukwati usanachitike n'kudzanenepa pambuyo pake. Ankadziwa kuti munthu wamkulu amakokera mimba mkati akamayezedwa, ndiye ankayamba amuseketsa kuti mimbayo ibwerere pamalo pake, tepi n'kuzungulira mwiniwake asanazindikire. Mabwana ankadutsa mashopu a magalasi m'tauni kubwera kwa iwo, akuti phewa la jekete ya Amasuti palibe wina angalikwanitse. Dzina limenelo ndi limene linandilera, ndipo ndi limene linandifikitsa ku yunivesite.

Nditawauza za filimu, anaponya choko pa tebulo.

"Ya ine? Mayi ake, tamvani kuno! Mwana wanu akufuna kundiika pa kanema!"

"Ndamva," anayankha amayi kuseri kwa katani.

Lamulo la kosi n'lakuti aliyense wojambulidwa asaine fomu yovomereza. Bambo anasaina osawerenga, siginecha yodzaza theka la pepala. Fomu ina ndinailowetsa kuseri kwa katani. Inabwerera mmene inapitira.

"Amayi, n'kapepala chabe aka."

"Jambula bambo ako. Ine ndi kamera ayi. Ndipo katani iyi usaidutse ndi chinthu chakocho."

Sindinaumirire. Ndani angakhale pansi kuonerera munthu akusita?

3

Ndinajambula milungu iwiri n'kukaonetsa Adokotala a Sikafu. Anaonera mphindi zitatu zokha, n'kuimitsa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndi telala, Adokotala."

"Ndi wotsatsa malonda uyu. Taonani, akuyang'ana kamera, akukonza tayi, akutiphunzitsa mbiri ya thalauza. Mwandibweretsera chilengezo cha shopu. Mumamudziwa bwanji munthu ameneyu?"

"Ndi wa mumsewu wathu."

Ee, ndinawakana bambo anga maso ali gwa. Adokotala ankakonda kunena kuti wojambula abale ake ndi mlesi, ndipo ine sindinkafuna kukhala mlesi pamaso pawo.

"Khalani naye mpaka aiwale kuti mulipo," anatero. "Mumupanikize kamaikolofoni pa malaya, musamakachotse. Anthu amaiwala maikolofoni msanga kuposa kamera."

Limeneli ndiye langizo lachiwiri, ndipo limagwira ntchito moopsa. Kamaikolofoni kake n'kofanana ndi batani, kalibe waya, ndipo mawu amabwera m'mahedifoni ngakhale munthuyo ali chipinda china.

Lachiwiri lina masana kunabwera Aloya, kasitomala wamkulu wa bambo, kudzayesa jekete. Inkakoka pang'ono kumsana. Bambo anailemba ndi choko n'kunena kuti, "Ndipatseni mphindi khumi, bwana, ndikaione bwino kuseriku." Analowa kuseri kwa katani, kamaikolofoni kali pa malaya. Ine ndinatsala ndi Aloya, mahedifoni ali m'makutu.

Ndinamva zonse. Aloya ankandifunsa za sukulu, ine ndikungogwedeza mutu ngati ndikuwamva. Bambo atatuluka ndi jekete ija, Aloya anavala, anadzitembenuza pagalasi uku ndi uku, n'kunena kuti, "Manja amenewa, Amasuti, muwasunge bwino." Bambo anawerama pang'ono n'kuthokoza. Aloya atapita, bambo analowanso kuseri kwa katani mphindi zinayi. Nazonso ndinazimva.

Zimene ndinamvazo zinali zokwanira kupha dzina la Amasuti tsiku limodzi, ndipo ndinadziwa zimenezo ndisanavule n'komwe mahedifoni. Mwana wabwino akanafufuta pomwepo n'kupita kukamwa madzi. Ine ndinazisunga m'malo atatu, kuopa kuti laputopu ingafe.

4

Mawu okha si filimu. Pankafunika zithunzi. Loweruka m'mawa amayi analowa mu famase kukagula mankhwala opaka zala, bambo ali pakhomo kupereka moni kwa msewu wonse monga mwa chizolowezi chawo. Ndinakwera pa mpando n'kubisa kakamera kakang'ono pa shelefu ya pamwamba, pakati pa mipukutu ya nsalu, koloza kuseri kwa katani. Kanakhala pamenepo masiku asanu. Fomu ya amayi ndinasaina ndekha. Siginecha yawo ndinkaidziwa kuyambira ku sekondale, pamene ndinkadzisainira malipoti a masamu.

Nditakaonetsa Adokotala, anachita chinthu chimene palibe wophunzira anachionapo: anavula sikafu.

"Ichi!" anafuula. "Ichi ndi chimene ndakhala ndikudikira zaka khumi!"

Poona kuti akondwa, ndinaulula kuti telalayo ndi bambo anga. Ndinkayembekezera kukalipiridwa.

"Bambo anu enieni? Okuberekani? Kulimba mtima kotani! Zimenezo mulembe mu lipoti, tsamba loyamba."

Kenako anandipatsa langizo lachitatu, limene ndikukupatsani ulere. "Filimu imafuna mbali," anatero. "Musawasokoneze oonera. Ayenera kudziwa woti amumvere chisoni ndi woti amukwiyire." Ndinali ndi maola makumi anayi a zithunzi, ndipo pankafunika mphindi makumi awiri. Pa ntchito yathuyi, chimene chimakhozetsa si zimene wajambula ayi, ndi zimene wataya.

Ku labu kumene timadulira mafilimu kuli abambo ena achikulire amene amatibwereketsa makamera. Sayankhula zambiri, ndipo ophunzira amawakumbukira pokhapokha batire ikatha. Tsiku lina masana anaima kumbuyo kwanga, akuonerera pa kompyuta.

"Ndi bambo ako awa?"

"Eya."

"Aiona?"

"Adzaiona tsiku loonetsa."

"Ndikanakhala iwe, ndikanayamba ndawaonetsa kunyumba, chitseko chili chotseka."

"Angandiletse."

"Ndiye kuti yankho lawo ukulidziwa kale," anatero, n'kupita kukakulunga mawaya.

Ndinakwiya nawo kwambiri. Munthu wongokulunga mawaya angadziwe chiyani za choonadi? Ndinadziuza kuti ndikuchita zimenezi chifukwa cha chilungamo, ndipo ndinadziuza kambirimbiri mpaka ndinayamba kukhulupirira.

5

Kosiyi ili ndi lamulo lina lokoma kwambiri papepala: anthu amene mwawajambula ayenera kuitanidwa tsiku loonetsa mafilimu, kuti adzione okha. Ine kalata yoitanira ndinaisunga m'chikwama mpaka kutatsala masiku awiri, ndikuyembekeza kuti bambo adzakhala otanganidwa. Ndinaiwala kuti munthu ameneyu masiku awiri amamukwanira kuuza tauni yonse.

Anafika ndi amuna pafupifupi makumi awiri, onse m'masuti a ku shopu kwathu. Aloya analipo. Ahedi a sukulu ya sekondale analipo. Abwana a ku banki analipo, pamodzi ndi wina amene anangosoketsako thalauza kamodzi koma sanafune kutsala. Anadzaza mizere iwiri yakutsogolo, ophunzira a majini ong'ambika akuwayang'ana modabwa. Bambo anali pakati, mu suti yawo yotuwa, kampango koyera kakusuzumira m'thumba. Amayi anakhala kumapeto kwa mzere, chikwama pamiyendo, nkhope ya munthu amene wakokedwa.

"Mayi ake," ndinamva bambo akunena, "lero mundiona ndili wamkulu ngati khoma."

"Tiona," anatero amayi.

Filimu yanga inali yomaliza. Anthu anapirira ya mnzanga wina ya mzere wa ku chipatala, imene inali yaitali kuposa mzerewo, ndi ina ya nsapato za anthu okwera basi. Itafika nthawi yanga ndinapita kumbuyo kwa holo, kumene abambo a ku labu aja anakhala ndi makina oonetsera. Anaika chala pamwamba pa batani, osadina. Anandiyang'ana.

"Nthawi zina mafayilo amakana kutseguka," anatero chapansipansi. "Palibe amene angadabwe."

Anandipatsa khomo lotulukira, lotsegula bwinobwino. Ndinayang'ana kutsogolo, ndinaona dazi la bambo likuwala pakati pa makasitomala awo. Ndinayang'ana kumbali, ndinaona Adokotala a Sikafu atakhala ndi alendo awiri ochokera ku yunivesite ya kunja ija.

"Dinani," ndinatero.

6

Mphindi zisanu zoyamba zinali phwando. Bambo akuyeza, bambo akuseketsa Aloya, bambo akupukuta makina akuda aja. Mizere iwiri yakutsogolo inkaomba m'manja aliyense akadziona. Kenako nkhope ya bambo inadzaza chinsalu chonse choonetserapo filimu, akukweza manja awo n'kunena kuti, "Suti iliyonse yotuluka muno yadutsa m'manja awa."

Chinsalu chinada bii. Munangomveka mawu, aja ndinawamva m'mahedifoni.

"Mayi ake, yakoka kumsana. Ndichite bwanji?"

"Bweretsani kuno. Musaikhudze ndi sizasi, mwamva? Chaka chatha munandionongera nsalu ya Ahedi."

"Fulumirani, bwana akudikira."

Kenako zithunzi za pa shelefu zija. Amayi akudula nsalu ndi sizasi yaikulu, osayang'ana n'komwe pepala kawiri. Amayi pa makina a magetsi amene tonse tinkati ndi a mabatani, akulumikiza mkono wa jekete. Amayi akuumba ndi singano ya pamanja phewa lotchuka lija. Pambali pawo, pa kampando, bambo atagwira kambale ka mapini. Pomaliza ndinaika bambo ali okha, akuyesa kulowetsa ulusi pa makina a amayi. Anayesa mphindi ziwiri zathunthu, lilime lili kunja, ndipo sindinadulepo ngakhale sekondi. Wina anaseka kumbuyo, wina n'kulandira, mpaka holo yonse inagwa nacho chikhakhali. Pa chinsalu panatuluka mawu amene ndinawalemba ndekha: "Zaka makumi atatu. Sanasokepo suti ngakhale imodzi."

Chinsinsi chake n'chimenecho. Bambo anga sadziwa kusoka. Makina akuda aja ankangopindirapo miyendo ya mathalauza kuti odutsa amve phokoso. Mundifunsa kuti ndinakula bwanji osadziwa. Inunso dzifunseni kuti munayamba mwaima n'kuyang'anitsitsa zimene manja a amayi anu amachita tsiku lonse.

Magetsi atayaka, ophunzira anaimirira akuomba m'manja, atatembenukira kwa amayi. Adokotala anathamangira kutsogolo. "Mayi wobisidwa zaka makumi atatu! Bwerani kuno, mayi, dziko likuoneni!" Amayi sanasunthe. Anangokumbatira chikwama chawo.

Aloya anayang'ana mkono wa jekete yawo ngati akuuona koyamba, n'kunena mokweza kuti holo yonse imve, "Amasuti, ndiye kuti zaka zonsezi ndakhala ndikuthokoza tepi?"

Kuseka kunayambiranso. Bambo anaimirira, anamanga batani la jekete, n'kuyenda pang'onopang'ono kulowera kukhomo. Njira yake inadutsa pamene ndinaima ine. Ndinkayembekezera mbama, ndipo kunena zoona ndinkaifuna.

"Wajambula bwino, mwana wanga," anatero. "Zithunzi zake n'zowala."

7

Ndinapeza malikisi amene dipatimenti inali isanaperekepo. Alendo aja anandigwira chanza kawirikawiri. Malo a kunja anakhala anga.

Kumsewu kwathu nkhani inafika ine ndisanafike. Dzina la Amasuti linafa sabata yomweyo, m'malo mwake kunabadwa Atepi. Okonza mafoni ankafuula bambo akamadutsa, "Atepi, abwana anu alowa kale, mwachedwa!" Bambo anapirira masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anapachika tepi pa msomali, n'kukakhala pakhonde kunyumba.

Amayi, amene ndinawamasula ine, anayenera kutuluka kuseri kwa katani. Kunayamba kubwera azimayi a m'mabungwe ndi makamera awo, kuwapempha kuti agwire sizasi m'mwamba n'kumwetulira. Sanasoketse ngakhale kansalu kopukutira thukuta. Aloya anabwera kudzayezedwa ndi "mwini manja", anakokera mimba mkati monga mwa nthawi zonse, amayi n'kulemba zimene tepi inanena. Thalauzalo linakana kumanga. Sanabwerenso, ndipo anzawo anawatsatira mmodzimmodzi.

Ndinatha milungu itatu ndikuwazemba amayi. Tsiku lina masana ndinalimba mtima n'kulowa mu shopu. Amayi anali okha, akumasula msoko.

"Amayi, ine ndinachitira inu."

"Ndinakutuma?"

"Koma anthu ayenera kudziwa kuti ndinu amene..."

"Khala pansi, wophunzira iwe. Shopu ino inali ya agogo ako, bambo anga. Ine ndinaphunzira kusoka ndisanathe msinkhu. Koma kuyankhula ndi anthu, kuwagwira m'chiuno, kuseka nthabwala zawo zowola, ndimadana nazo mpaka lero. Bambo ako anabwera kudzaphunzira ntchito. Msoko wawo unkapita kumene ukufuna, koma diso lawo ndinali ndisanalionepo. Akayang'ana munthu amadziwa mmene adzakhalire pampando, mmene adzakwezere mkono. Iwo amaona, ine ndimasoka. Katatu konse anafuna kulemba dzina langa pa chikwangwani. Anakana ndani? Ndine. Ndinkafuna katani yanga ndi mtendere wanga, ndipo iwo anavomera kusenza bodza kuti ine ndikhale nazo. Unandifunsapo?"

Ndinkaganiza kuti atha, koma anali asanayambe.

"Kachinthu kako kaja kanamva zonse. Tsiku lija Aloya atapita, bambo ako analowanso kuseri. Anati chiyani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Nena. Si iwe wa choonadi?"

Apa ndiye pali tchimo langa lenileni, limene sindinauzepo Adokotala kapena wina aliyense. Mphindi zinayi zija, bambo anati: "Mayi ake, bwana akuti manja amenewa muwasunge bwino. Mawuwa ndi anu, ine ndangowanyamula." Kenako anatenga mankhwala aja a ku famase n'kuyamba kuwapaka amayi zala, chimodzichimodzi. Ankachita zimenezi nthawi iliyonse kasitomala akayamikira. Ankalowa kuseri n'kubwereza mawu onse mmene ananenedwera, mpaka kutsanzira mawu a mwiniwake kuti amayi aseke. M'masiku asanu a kakamera ka pa shelefu, zimenezi zinalimo kasanu ndi kanayi. Ndinadula zonse.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa amayi nditamaliza kunena.

"Zikanasokoneza oonera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire.

"Fomu ija sindinasaine," anatero. "Ndinavala kale nsapato kuti ndikawauze a sikafu akowo, ulendo wako uthere pomwepo. Bambo ako ndi amene anaima pakhomo. Akuti mwana asavutike."

8

Mwambo wolandira madigiri utayandikira, ndinafunsa amayi mwamantha ngati angandisokere diresi.

"Kafunse telala amene dzina lake lili pa chikwangwani," anatero.

Ndinawapeza bambo pakhonde, atavala malaya opanda tayi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo mkati mwa sabata. Ndinagwada ndi laputopu, ndikulira, ndikuti ndiwaonetse zimene ndinadula.

"Ndikudziwa zimene ndinanena," anatero.

"Ndipanga ina, bambo. Yonse, yosadula. Ndiitana anthu onse aja."

"Anthu anaona kale filimu. Yachiwiri adzati ndakunyengerera." Anatseka laputopu ija. "Amayi ako akuti ukufuna diresi. Taimirira."

Anatenga tepi yakale mu dirowa n'kundiyeza, osandiseketsa. Mawa lake anatuma munthu kukatenga makina akuda aja ku shopu n'kuwaika pabalaza. Anasoka milungu itatu. Ankasoka, kumasula, kusokanso, zala zonse zili ndi mapulasitala. Amayi ankadutsa pambali pawo manja ali kumbuyo, atagwirana okha mwamphamvu kuti asathandize.

Diresilo linatuluka. Mkono wina unali wautali kuposa unzake, zipi inkayenda mokhotakhota, ndipo m'munsi munkakwera kutsogolo n'kutsika kumbuyo. Bambo analipachika pa chitseko cha chipinda changa ndi kapepala: "Usavale. Filimu yako inanena zoona."

Ndinavala. Ku mwamboko bambo sanapite. Anzanga ankamanga magauni awo mpaka m'khosi, ine yanga ndinaisiya yotsegula, ndipo ndinakwera pa nsanja mkono wautali uja ukulendewera. Anthu ankanong'onezana, ena kuseka. Adokotala a Sikafu anandigwira chanza n'kuyang'ana diresilo mwachidwi.

"Kasokedwe kolimba mtima! Ndi ntchito ya amayi athu aja?"

"Ndi ya bambo anga."

Anaseka kwambiri. Ankaganiza kuti ndi nthabwala.

Madzulo ake ndinafika kunyumba n'kuwapeza pakhonde pomwe paja. Ndinawapatsa satifiketi. Sanaiyang'ane. Maso awo anayenda pa diresi kuchokera m'khosi mpaka m'munsi, monga ankachitira ndi mabwana pagalasi.

"Phewa lakumanzere latsika," anatero. "Ukanapita nalo kwa telala."

Inu owerenga, makamaka inu amene mwalembetsa kosi imeneyi ndipo mwagwira kamera koyamba: kukhoza n'kosavuta. Pezani munthu amene amakukondani kwambiri moti angasaine osawerenga. Dikirani aiwale kuti mulipo. Dulani chilichonse chimene chingachititse oonera kumumvetsa. Mudzapeza malikisi onse, ndipo palibe bodza limene adzakugwireni nalo, chifukwa chithunzi chilichonse chidzakhala choona. Zanganso zinali zoona zokhazokha.

Koma ngati mukufuna kudzakhalabe ndi kwanu, mverani abambo okulunga mawaya aja. Filimuyo aione kaye mwini nkhope, chitseko chili chotseka, ndipo akakana, mumve. Mukadzaona kuti mukuopa kumuonetsa, musadzinamize kuti ndi kulimba mtima.

Amayi anachotsa katani, koma makina awo anawatembenuzira kukhoma kuti asamaone olowa. Ine ndinyamuka mwezi wamawa. Bambo sanabwererebe ku shopu.